Funsani Mmisiri: Kiyi akulowa mozondoka, kodi ndigule loko wina?

FUNSO

A Mmisiri, ndakhala ndikumanga nyumba pang'onopang'ono ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe ndipo tsopano tafika poika zitseko. Ndinagula maloko atatu obulungira aja, okhala ndi batani m'kati ndi kiyi kunja, pa sitolo ina ya hadiweya mumsewu wa Malangalanga. Kalipentala waika onse atatu. Awiri ali bwinobwino, koma wa pakhomo la kukhitchini, lotulukira kuseri, kiyi akulowa mano ali pansi. Akutsegula ndithu, koma aliyense akafika pakhomopo amayamba walimbana naye kaye, makamaka usiku. Kalipentala akuti loko ameneyu ndi wa chitseko chakumanja pamene changa ndi chakumanzere, ndiye ndikagule wina. Kusitolo akana kundisinthira poti katoni ndinang'amba kale. Kodi maloko alidi ndi kumanja ndi kumanzere? Ndalama zanga zapita?

Mayi wa ku Area 49

YANKHO

Mayi, musathamangire kukagula loko wina musanayese zimene ndifotokoze pano. Kalipentala wanu sananame ponena kuti chitseko chili ndi mbali yake. Chili nayo ndithu. Pamene waphonya ndi poganiza kuti loko wobulungira amagwira mbali imodzi yokha. Ambiri a mtundu umenewu anapangidwa kuti akwane mbali zonse ziwiri, kungoti amachoka kufakitale atamangidwira mbali imodzi, ndipo ntchito yowatembenuza amaisiyira munthu woika.

Tiyambe ndi chitseko chenichenicho. Imani panja, pamene mumaima mukamalowetsa kiyi, mutayang'anizana nacho. Mahinjesi ali kudzanja lanu liti? Akakhala kumanja, chitsekocho n'chakumanja. Akakhala kumanzere, n'chakumanzere. Kenako onani ngati chimatsegukira m'nyumba kapena chimabwera kwa inu panjapo. Pa loko wobulungira, funso loyamba ndi limene limazondotsa bowo la kiyi. Lachiwiri limakuuzani kumene lilime lija lolowa mu felemu liyenera kuyang'ana.

Pa makatoni ena mupeza zilembo LH kapena RH, kutanthauza kumanzere kapena kumanja. Musazidalire kwambiri, chifukwa maiko sawerenga mofanana. Ku America amawerenga monga ndafotokozeramu. Ku Germany ndi maiko ena a ku Ulaya munthu amaima mbali imene chitseko chimabwera kwa iye, kumene mahinjesi akuonekera, moti chitseko chotsegukira m'nyumba chimene wina akuti n'chakumanja, mnzake akuti n'chakumanzere. Katundu wa m'masitolo athu a ku Old Town amachokera kosiyanasiyana, ndipo wogulitsa kawirikawiri sadziwa kuti wopanga anaima mbali iti. Makasitomala anga ndimawauza kuti ajambule chitseko pa foni ataima panja, chili chotsegula pang'ono, n'kukaonetsa kusitoloko. Chithunzi chimathetsa mkangano wonse.

Nanga kiyi wazondoka bwanji? Mukachotsa mitu iwiri yobulungira ija, m'kati mwa chitseko mumatsala chitsulo chozungulira, chokhala m'bowo lalikulu la mamilimita 54. Chitsulocho chili ndi kukamwa kumbali imodzi yokha, kumene chimakola mchira wa lilime n'kulikoka inu mukapotoza mutu. Kukamwako kuyenera kuyang'ana m'mphepete mwa chitseko, kumene kuli lilime. Pa zitseko zanu ziwiri zija mphepeteyo ili kumbali imene a kufakitale anaganizira. Pa cha kukhitchini ili mbali inayo, ndiye kalipentala anachita kuzunguza loko yense theka kuti kukamwa kukumane ndi lilime, ndipo bowo la kiyi linazungulira nawo limodzi. Palibe chathyoka, ndipo sichizindikiro chakuti loko ndi wachinyengo.

Chofunika tsopano ndi kuzunguza mutu wakunja wokha, pamodzi ndi silinda yake (kachitsulo kamene mumalowetsamo kiyi), chitsulo cham'kati chija chisasunthe. Gwirani ntchitoyi masana, chitseko chili chotsegula, ndipo chitchingeni ndi njerwa kuti mphepo isachimenyetse loko ali pakati pomasulidwa.

Yang'anani pakhosi pa mutu wakunja, pafupi ndi mbale yozungulira yogunda chitseko, makamaka mbali yoyang'ana ku lilime. Mupeza kabowo kakang'ono kolowa msonga ya kamsomali. M'kati mwa kabowoko muli kachitsulo ka sipuling'i kamene kamagwira mutu kuti usachoke. Mukakadina popanda kiyi sikalowa, ndipo anapanga dala chomwecho, chifukwa kupanda kutero aliyense wodutsa ndi msomali bwenzi akuzula mutu wa loko wanu. Lowetsani kiyi, mumupotoze kota ya mzungulo ngati mukutsegula, ndipo mumugwire pomwepo. Dzanja linalo lidine kachitsulo kaja ndi kamsomali, kapena ndi kawaya kamene maloko ena amabwera nako m'katoni. Mukamva kalowa, kokani mutu molunjika kwa inu. Uchoka pamodzi ndi silinda ndi kiyi.

Apa m'pofunika kudekha. Silinda imakhala yomasuka m'kati mwa mutu, ndipo pa maloko ena imatha kutulukira kumbuyo, choncho igwireni ndi chala. Kumbuyo kwake kuli kamchira kachitsulo kophwatalala ndi kakilipi kapena kachivundikiro kogwira mtima wa silinda, umene umazungulira mukapotoza kiyi. Zimenezo musazikhudze. Silinda wamba imakhala ndi mabowo asanu, ndipo m'bowo lililonse muli timapini tiwiri ndi kasipuling'i kamodzi. Mukachotsa kilipi n'kusolola mtima uja, tizidutswa 15 timwazikira pansi, ndipo timapini tapansi tili ndi utali wosiyana mogwirizana ndi mano a kiyi wanu. Tikasokonezeka, ntchito ya mphindi zochepa yasanduka ulendo wa kwa odula makiyi.

Zunguzani mutu theka kuti mano a kiyi ayang'ane kumwamba, muubweze pa chitsulo chake mpaka utagunda kachitsulo ka sipuling'i kaja. Potozaninso kiyi kota, mbali yomwe ija munapotozera poyamba, dinani kachitsuloko, kankhani mutu mpaka mutamva kuti thi. Ukakana kufika, ndiye kuti kamchira sikanapeze mpata wake. Gwedezani kiyi pang'onopang'ono uku mukukankha mofewa. Hamala isayandikire. Mukatha, chotsani kiyi n'kukoka mutuwo mwamphamvu kuti mutsimikize kuti wakola. Kenako dinani batani lam'kati, tsegulani ndi kiyi, bwerezani kangapo chitseko chikadali chotsegula. Ndaitanidwapo kukathyola makomo a anthu amene anayesa loko koyamba chitseko chili chotseka, ana ali m'kati.

Si maloko onse amene amamasuka chonchi. Amene anthu amabwera nawo kuchokera ku America, a mtundu wa Kwikset, mutu wake wakunja suchoka. Pamenepo umachotsa mbali yonse yakunja pa chitseko, n'kuzula kachitsulo kozungulira ka pakati, kenako n'kulowetsa kachida kophwatalala kofinya timakilipi tiwiri togwira silinda. Silindayo imatulukira kutsogolo, umaizunguza theka n'kuikankhiranso. Popanda kachida kake timakilipi timapindika msanga, ndiye ameneyo mupite naye kwa wodziwa maloko. Palinso ena otchipa kwambiri amene mutu wakunja anaufinyira kufakitale kuti usadzachokenso. Mukafufuza khosi lonse osapeza kabowo, kapena mukapotoza kiyi koma kachitsulo osalowa, lekerani pomwepo. Mitu yambiri yopindika imene ndimaipeza m'makomo inapindidwa ndi pulayazi ya munthu amene anakana kugonja.

Wanu akakhala wa mtundu wosachokawu, pali njira ina yosalira ndalama. Muli ndi maloko atatu. Kuwasinthanitsa sikungasinthe kanthu pa chitseko chakumanzere, chifukwa aliyense wa iwo mukamuika pamenepo azondoka chimodzimodzi, koma mukhoza kumusiya momwe alili n'kumusamala, chifukwa kiyi wozondoka si ngozi. Ndifotokoze chifukwa chake timakondabe mano akhale kumwamba. Silinda ya timapini imene tikugwiritsa ntchito lero inachokera kwa Linus Yale Jr. wa ku America, amene analembetsa luso lake mu 1861 n'kuliwongolera mu 1865. Timasipuling'i timakankha timapini kuti titchinge mtima wa silinda usazungulire, ndipo kiyi woyenera amatikankhira tonse pa mzere umodzi kuti mtimawo umasuke. Timapini tikakhala kumwamba, kulemera kwake kumathandiza sipuling'i, moti ngakhale sipuling'i itafooka kapini kamatsikabe. Fumbi ndi madzi zolowera pa bowo la kiyi zimagwera pansi, kumene kulibe kanthu. Tikakhala pansi, zonyansa zonse zimagwera m'mabowo mwake momwemo, ndipo sipuling'i imagwira yokha ntchito yokankhira kumwamba.

Komabe masilinda aatali aja a m'maloko olowa m'thupi la chitseko, amene adzaza m'maofesi a ku City Centre, nthawi zambiri amaikidwa timapini tili pansi, ndipo amakhala zaka akugwira ntchito. Chikanakhala chitseko cha kuchipinda chogona, ndikanati musavutike nacho. Koma chanu ndi cha kuseri. Fumbi la mwezi wa October ku Area 49, kumene misewu yambiri ya m'makwalala ikadali yadothi, mukulidziwa nokha, ndipo mvula ikayamba mu November kapena December khomo lopanda khonde limamenyedwa mpaka March. Ngati mutu ukuchoka, utembenuzeni. Ngati suchoka, muzipala mtima wa pensulo kukhala ufa, kupaka pa kiyi n'kumulowetsa ndi kumutulutsa kangapo. Mafuta ophikira kapena oyilo wa galimoto musathiremo. Amafewetsa sabata yoyamba, kenako amasakanikirana ndi fumbi n'kukhala phala lomata timapini.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa khomo lanulo si bowo la kiyi ayi, koma lilime, ndipo inu simunalitchule. Lilime lili ndi mbali yotsetsereka ndi mbali yowongoka. Yotsetsereka iyenera kuyang'ana kumene chitseko chikupita potseka, kuti ikagunda felemu lilime lilowe lokha n'kutulukiranso m'bowo. Chitseko chotsegukira m'nyumba, kutsetserekako kuyang'ane panja. Chotsegukira panja, kuyang'ane m'nyumba. Likakhala molakwika, ndi masikuluwu awiri okha a m'mphepete mwa chitseko, loko atachotsedwa, kulisolola n'kulitembenuza.

Pambali pa lilime la loko wa khomo lakunja pamakhala kapini kena kakang'ono koyenda pakokha. Anthu ambiri, ngakhale amisiri anzanga, sadziwa ntchito yake. Chitseko chikatsekeka, lilime lalikulu lilowe m'bowo koma kapiniko katsale kunja, katadinidwa ndi puleti ya pa felemu. Kakadinidwa chonchi kamakhoma lilime kuti munthu asalikankhe ndi mpeni kapena kapulasitiki kolowetsa mumpata. Yesani nokha chitseko chili chotsegula: dinani kapiniko ndi chala, kenako yesani kukankha lilime. Likuyenera kukana. Vuto la kuno kwathu ndi mafelemu achitsulo. Ambiri amabwera atabooledwa kale bowo lalikulu la loko wa mtundu wina, ndipo kalipentala akafuna kufulumira amataya puleti ya m'katoni n'kusiya lilime ndi kapini zonse zigwere m'bowo limenelo. Chitseko chimatseka bwino, mwini nyumba amasangalala, koma chitetezo chija chapita. Muuzeni aikepo puletiyo, ngakhale zitafuna kuboola felemu.

Ndikuuzeninso mosabisa, Mayi, kuti loko wobulungira payekha sakwanira khomo la kuseri. Silinda yake ili m'mutu wotulukira kunja kwa chitseko, ndipo lilime lake ndi lalifupi. Ndi wabwino masana, pamene anthu akulowa ndi kutuluka. Ndalama zimene mumati mugulire wobulungira wina, onjezerani mugule loko wa mpiringidzo wopanda sipuling'i, wotuluka mamilimita 25, aikidwe pamwamba pake.

FUNSO

Ndikuchita lendi ku Kawale. Loko wa pachitseko changa anawonongeka ndipo eni nyumba anandiuza kuti ndigule wina adzandichotsera pa lendi. Ndinagula wa zogwirira zazitali, wolowa m'thabwa, n'kuika ndekha. Kiyi akukhoma bwino, koma chitseko sichitseka pokhapokha nditatsitsa chogwirira. Ndikangochikankha chimagunda felemu n'kubwerera. Ndalakwitsa pati?

Mnyamata wa ku Kawale

YANKHO

Achimwene, lilime lanu likuyang'ana mbali yolakwika, ndipo chimene chikugunda felemu ndi mbali yake yowongoka. Lekani kuchimenyetsa, mupinda lilime kapena kung'amba thabwa. Loko wamtunduwu simungamuzondotse yense, chifukwa chogwirira chiyenera kukhala pamwamba ndipo kiyi pansi. Chotembenuza ndi lilime lokha.

Chotsani zogwirira ndi kachitsulo ka ngodya zinayi kodutsa pakati, masulani masikuluwu a m'mphepete, sololani loko. Ngati ali wa silinda yaitali, yambani mwamasula sikuluwu yaitali ya m'mphepete imene imagwira silindayo, lowetsani kiyi n'kumupotoza pang'ono kuti kadzino ka pakati kabisale, silinda isololoka. Loko ali m'manja, muyang'anitsitseni. Ena lilime umangolikoka ndi pulayazi kuti lituluke kupitirira puleti yakutsogolo, n'kulizunguza theka, n'kulisiya libwerere. Ena ali ndi kasikuluwu kapena kachitsulo kokankha pambali, kowonekera pa kabowo ka m'bokosi, kamene kamamasula lilime. Amene alibe zonsezi amafuna kutsegula chivundikiro cha bokosi. Mugonekeni patebulo, tsegulani pang'onopang'ono chala chili pa tizitsulo tam'kati, ndipo mujambule ndi foni musanasunthe kanthu. Nyamulani lilime ndi sipuling'i yake, tembenuzani, bwezerani. Tizitsulo tophwatalala timene kiyi amanyamula musatichotse, chifukwa tili ndi ndondomeko yake.

Mukamaliza onetsetsani kuti mabowo a pa felemu akukumana ndi lilime komanso mpiringidzo, poti loko watsopano sakhala nthawi zonse wofanana msinkhu ndi wakale. Pakani choko kunsonga kwa lilime, tsekani, muone pamene chadinda. Lisiti musunge bwino kuti eni nyumba asadzakane.

Mawu amodzi pa za kiyi. Ngati munagula loko wa tizitsulo tiwiri tokha m'kati, dziwani kuti makiyi a mtundu umenewu ndi ochepa mitundu, ndipo amagulitsidwa odulidwa kale, munthu amangotchula nambala yolembedwa pa kiyi. Pa mdadada wa nyumba za lendi zimachitika kuti kiyi wa khomo lina akutsegula khomo lanu. Musamasiye kiyi poonekera nambala, ndipo mukapeza ndalama onjezerani loko wa silinda.

FUNSO

Ndikumanga ku Area 36 ndipo omanga akuti ndikagule mafelemu achitsulo sabata ino. Owotcherera andifunsa kuti angati akumanja, angati akumanzere. Ine ndimayesa felemu ndi felemu basi. Ndiwayankhe bwanji?

Bambo wa ku Area 36

YANKHO

Bambo, mwafunsa pa nthawi yake, chifukwa felemu yachitsulo imabwera mahinjesi atawotcheredwa kale mbali imodzi ndi bowo la loko mbali inayo. Ikangomangiriridwa m'njerwa n'kupakidwa pulasitala, kusintha kwake ndi kudula mahinjesi ndi galainda, kuwotchereranso, kutseka bowo lakale n'kuboola lina. Zimatheka, koma felemuyo siionekanso bwino.

Musawayankhe muli pa foni. Pitani pamalopo ndi omanga ndiponso wa magetsi, muyende chipinda ndi chipinda. Pa khomo lililonse chitseko chizitsegukira ku khoma loyandikira, kuti chikatseguka chigone pakhomapo osatchinga njira kapena kudya malo a bedi ndi wadiropu. Switchi ya magetsi ikhale mbali ya loko. Ikakhala mbali ya mahinjesi imabisala kuseri kwa chitseko, ndipo mudzakhala mukuifufuza mumdima moyo wanu wonse m'nyumbamo. M'kanjira kopapatiza onani kuti zitseko ziwiri zoyandikana zisamenyane. Kubafa ndi kuchimbudzi chaching'ono ganizirani zotsegukira kunja, makamaka ngati m'nyumbamo mudzakhala okalamba, chifukwa munthu akagwa m'katimo thupi lake limatchinga chitseko chotsegukira m'kati. Khomo lakunja likamatsegukira panja, mahinjesi amakhala poonekera, ndiye auzeni owotcherera kuti mapini ake awotcheredwe asamazuke.

Mukagwirizana, jambulani pansi pa khomo lililonse ndi choko kapena makala mzere wopindika wosonyeza kumene chitseko chidzayenda, mujambule ndi foni, ndipo owotchererawo muwawonetse zithunzi m'malo mongowauza kuti kumanja kapena kumanzere. Pa felemu iliyonse alembe dzina la chipinda chake, kuti tsiku lomanga anyamata asasinthanitse.

Pogula zitseko, kaya kwa akalipentala a ku Mchesi kaya kusitolo, muuzeni wopangayo mtundu wa loko amene mudzaike. Zitseko zopepuka za pulayi zimakhala zamphako m'kati, ndipo thabwa logwira loko limakhala pamalo amodzi, pa zina mbali imodzi yokha. Gogodani ndi chala m'mphepete monse pa msinkhu wa chiuno. Pamene pakumveka kuti palibe mphako ndi pamene pali thabwalo, ndipo mbali imeneyo ndi ya loko, mahinjesi apite mbali inayo. Ngati mudzaike maloko obulungira, yezaninso kuti thabwalo ndi lotambalala mokwanira, chifukwa pakati pa bowo lalikulu pamakhala mamilimita 60 kapena 70 kuchokera m'mphepete, ndipo bowolo likapitirira thabwa loko amagwira pulayi yokha.